Mwana wa Dziko Lino pa Ng'anjo ya Mkuwa

Ng'anjo yaikuru ya ku Nkana, m'mudzi wa Kitwe, inayamba kusungunula mkuwa m'caka ca 1932, ndipo ku Ndola nako kunamangidwa nyumba yoyengeramo mkuwa mu 1958. Koma nzeru yace ya nchitoyi inali m'manja mwa Azungu okha. Munthu wakuda anali wa fosholo ndi ngolo basi, cinkana makolo a m'dziko lino anali kusungunula mkuwa ku Kansanshi kalekale, Mzungu asanapondeko. Zinali zocititsa manyazi ndithu.

Ufulu utabwera mu 1964, Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndi sukulu yace ya za migodi mu 1973. Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira m'menemo ndiye Stephen Simukanga. Atatsiriza anaoloka nyanja, napita ku Strathclyde, ku Scotland, kumene anapata udokotala. Pobwera anaphunzitsa ana a kwao macitidwe olekanitsira mkuwa ndi mwala, ndiko kuupera mwalawo, kuyandamitsa mkuwa wace pathobvu, ndi kuusungunula pamoto. Anakwezedwa nakhala Profesa, ndipo kuyambira 2007 kufikira 2015 ndiye anatsogolera Yunivesite yonseyo.