Nyimbo za villancico: zaka 500 m'makabati a matchalitchi ndi m'misewu

M'chaka cha 1870, m'laibulale ya kunyumba yachifumu ku Madrid munapezeka buku lolembedwa pamanja lomwe linali litaiwalika kwa zaka zoposa 300. Masamba ena anali atathothoka kalekale, koma munatsala nyimbo zoposa 450 za m'nthawi ya Mfumu Fernando ndi Mfumukazi Isabel, ndipo pafupifupi 60 mwa izo zinali za Juan del Encina. Francisco Asenjo Barbieri anakhala nalo pansi, nalisindikiza mu 1890. Lero bukuli limatchedwa Cancionero de Palacio.

Zambiri mwa nyimbozi ndi za mtundu wa villancico: kolasi imene aliyense angaigwire msanga, ndime zingapo, kenaka kolasi ija n'kubweranso. Poyamba zinkakamba za chikondi, za abusa a nkhosa, za kudya ndi kumwa. Tchalitchi chinazikokera m'kati m'zaka za m'ma 1500 pofuna kuti usiku wa Khirisimasi anthu wamba amveko china m'chinenero chawo pakati pa mapemphero a Chilatini. Akuluakulu ena sanakondwe nazo. Mfumu Felipe II inaziletsa m'tchalitchi chake mu 1596, koma lamulolo silinakhalitse.

Mwayi ngati umene unapulumutsa Cancionero de Palacio ndi umene unapulumutsanso buku lina la ma villancico 54 losindikizidwa ku Venice mu 1556. Kope limodzi lokha ndilo linatsala, ndipo Rafael Mitjana, kazembe wa Spain, anakalipeza kutali, ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden, nafalitsa mawu ake mu 1909. Mmenemo ndi mmene muli Ríu Ríu Chíu, yomwe makwaya a ku Ulaya ndi ku America amaimba Disembala aliyense.

Ku Mexico nyimbozi zinapita ndi amishonale. Pedro de Gante anafika mu 1523 n'kuyamba kuphunzitsa anyamata a mtundu wa Nahua ku Texcoco, ndipo pasanathe nthawi anthuwo anali akuimba m'mawu anayi ndi kudzipangira okha zida zoimbira. Pofika m'ma 1600, tchalitchi chachikulu cha ku Puebla chinali ndi kwaya yopikisana ndi za ku Spain komweko. Gaspar Fernández anaitsogolera kuyambira 1606, ndipo atamwalira mu 1629 udindo unapita kwa Juan Gutiérrez de Padilla, mbadwa ya ku Málaga, amene anaugwira mpaka 1664.

Ntchito ya anthu amenewa inali yakalavulagaga. Mkulu wa kwaya ankayenera kupeka ma villancico atsopano chaka ndi chaka. Za chaka chatha zikaimbidwa, basi, zinkaponyedwa m'kabati. N'chifukwa chake zambiri zinatayika. Sor Juana Inés de la Cruz, sisitere wotchuka ndi ndakatulo, analembera mawu matchalitchi a ku Mexico City, Puebla ndi Oaxaca. Mawuwo alipo chifukwa anasindikizidwa m'timabuku, koma maimbidwe a zambiri mwa nyimbozo palibenso amene angawadziwe. Buku la Fernández linapulumuka chifukwa linakathera ku Oaxaca, kumene likusungidwa mpaka pano ndi nyimbo pafupifupi 300 za pakati pa 1609 ndi 1616.

Bukuli n'lofunika kuliwerenga mofatsa. Muli nyimbo za m'Chisipanishi, zina za m'chinenero cha Nahuatl, kuphatikizapo Xicochi yotonthoza khanda Yesu, komanso zina zotchedwa negrilla kapena guineo, zotsanzira kalankhulidwe ka Aafirika amene anabwera nawo ku ukapolo. Kayendedwe ka nyimbo zimenezi n'kokoma, ndipo makwaya a masiku ano amazikonda kwambiri. Koma anazilemba si akapolowo. Anazilemba anthu a m'tchalitchi, ndipo zinkaimbidwa kuti omvera aseke. Woimba wamasiku ano amene amazitenga ngati nyimbo zachisangalalo chabe, osauza omvera za anthu amene akutsanziridwawo, wasunga theka la mbiri.

Pamene zapapepala zinkagona m'makabati, mwambo wina unkakula panja. Cha m'ma 1587, Diego de Soria, wansembe wa ku Acolman ku Mexico, analandira chilolezo kwa Papa Sixtus V chochita Misa zapadera kuyambira pa 16 mpaka 24 Disembala. Mmenemo ndi mmene munachokera Las Posadas. Madzulo aliwonse a masiku asanu ndi anayiwo anthu amayenda ndi makandulo, ana atanyamula zifanizo za Mariya ndi Yosefe. Akafika pakhomo amagawikana pawiri: apanja amaimba kupempha malo ogona, am'nyumba amayankha mokana, ndime ndi ndime, mpaka am'nyumba atazindikira alendowo n'kutsekula chitseko. Zikatero ana amaswa mphika wokongoletsedwa wotchedwa piñata, wa nsonga zisanu ndi ziwiri, akulu akumwa ponche yotentha ya magwafa, nzimbe ndi zipatso za tejocote. Boma la Benito Juárez litalanda chuma cha tchalitchi mu 1859, makwaya olipidwa anafota, koma posada sinagwedezeke, poti inali itakhazikika kale m'makomo. Anthu a ku Mexico anapita nayo mpaka ku Los Angeles, kumene imachitika pa Olvera Street kuyambira m'ma 1930.

Zaka za m'ma 1900 zinabweretsa otolera. Ku Spain, Felipe Pedrell anasonkhanitsa nyimbo za m'midzi m'mabuku, Federico García Lorca anajambula zina mu 1931 akuimba piyano pamodzi ndi woimba La Argentinita, ndipo Alan Lomax anazungulira dzikolo ndi makina ojambulira mawu mu 1952. Ku Mexico, Vicente T. Mendoza anasonyeza mu 1939 momwe nyimbo za corrido zinachokera ku nyimbo za romance za ku Spain. Robert Stevenson anatulutsa Christmas Music from Baroque Mexico mu 1974, kenaka Aurelio Tello analemba mndandanda wa zonse za m'kabati ya ku Oaxaca n'kuyamba kusindikiza nyimbo za Fernández m'kalembedwe kamene woimba wa lero angawerenge. Magulu monga la Jordi Savall anazitengera m'maholo akuluakulu. Ntchito yonseyi ndi yoyamikika, ngakhale kuti nyimbo yomwe inapekedwera usiku wa Khirisimasi imasintha ikamamvedwa ndi anthu okhala chete atagula matikiti.

Ku Jerez de la Frontera, ku Spain, zinthu zinayenda mwina. Kumeneko mabanja okhala bwalo limodzi ankasonkhana mozungulira moto n'kuimba ndi zambomba, mtsuko wokutidwa pakamwa ndi nsalu kapena chikopa, wokhala ndi bango pakati limene amalipekesa ndi dzanja lonyowa. Mabanja atasamukira m'nyumba zosanjikizana mwambowu unazilala, mpaka nyimbozo zitayamba kujambulidwa pa malekodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 achinyamata n'kuziphunziranso. Mu 2015 boma la Andalucía linaika mwambo wa zambomba wa ku Jerez ndi ku Arcos m'gulu la chuma chotetezedwa ndi lamulo. Tsopano alendo amadzaza misewu ya mzindawo Disembala yense, ndipo eni mwambo akudandaula kuti m'malo ambiri omwera gulu laganyu ndilo limaimba pa zokuzira mawu, khamu likungoonerera.