Madzi a Mchere kapena Silikoni: Mbiri ya Bere Lopangidwa ndi Manja

M'zaka za m'ma 1890, mumzinda wa Heidelberg m'dziko la Germany, dokotala wa opaleshoni dzina lake Vincenz Czerny analandira mayi wina wa zaka 41 amene ntchito yake inali yoimba pamaso pa anthu. Mayiyo anali ndi chotupa m'bere, ndipo chitachotsedwa, bere lija linatsala lophwa, losiyana ndi linzake. Mwamwaŵi, mayi yemweyo anali ndi chotupa china kumsana, cha mafuta okhaokha, chosaopsa, chachikulu ngati nkhonya. Czerny anachidula nachiika pamene panatsala mphako paja. Apa ndi pamene olemba mbiri ya zachipatala amayambira nkhani ya kubwezeretsa bere.

Kuyambira tsiku limenelo funso la madokotala lakhala limodzi. Kupanga chinthu chooneka ngati bere munthu atavala malaya nkosavuta, pakuti ngakhale thonje lingathe kutero. Chovuta ndi kupeza chinthu chimene, chitakhala pansi pa khungu, chingamveke chofeŵa ngati mnofu weniweni kwa mwini thupi pamene wagona chafufumimba, pamene wanyamula mwana, kapena pamene akusamba.

Si mayi aliyense amene ali ndi chotupa cha mafuta chongodikira kumsana, choncho madokotala anayesa zinthu zina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ena ankabaya m'bere phula la parafini, longa lopangira makandulo. Poyamba linkamveka bwino, koma patapita nthaŵi linkaundana nkukhala mibulu yolimba, yoŵaŵa, yotulutsa zilonda, mwakuti amayi ena anadulidwa bere lonse. Ena anayesa minyanga ya njovu, mipira ya galasi ndi mphira. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera masiponji a pulasitiki, amene mnofu unkameramo, ndipo ankafota ndi kuuma gwa. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, ku Japan kunabuka mchitidwe wobaya silikoni yamadzimadzi ya m'mafakitale, ndipo unafika mpaka ku Las Vegas. Silikoni yotereyi inkayendayenda m'thupi ndi kuononga mnofu, kotero kuti boma la Nevada linauletsa mchitidwewu mwalamulo mu 1975.

Phunziro linali loonekeratu: chofeŵa chikamwazika chimavulaza, chokhazikika chimauma. Njira yapakati inapezeka ku Houston, m'chigawo cha Texas, kumene madokotala aŵiri, Thomas Cronin ndi Frank Gerow, anaganiza zotsekera chofeŵacho m'kathumba. Nkhani imene imasimbidwa kaŵirikaŵiri ndi yakuti Gerow anagwira thumba la pulasitiki losungiramo magazi, nalifinya, naona kuti likumveka ngati bere. Mothandizana ndi kampani ya Dow Corning, iwo anapanga kathumba ka mphira wa silikoni kodzaza ndi phala la silikoni yemweyo. Silikoni amapangidwa kuchokera ku chinthu chopezeka mumchenga, ndipo angathe kukhala wamadzimadzi, wonanda ngati ulimbo, kapena wolimba ngati mphira. Atayesa kathumbako pa galu wotchedwa Esmeralda, mu 1962 anakaika mwa munthu woyamba, Timmie Jean Lindsey, mayi wa ana 6, pachipatala cha Jefferson Davis. Mayiyu anapita kuchipatalako kukachotsetsa zithunzi zodindidwa pachifuwa pake, ndipo anavomera opaleshoniyo pokhapokha madokotala atamulonjeza kuti amukonzanso makutu.

Pakati pa zaka zomwezo za m'ma 1960, dokotala wa ku France, Henri Arion, anabweretsa njira yachiŵiri. Chikopa cha kathumba kake chinali cha silikoni, koma m'kati munali madzi a mchere, ofanana ndi amene odwala amalandira m'diripi, magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi. Kathumba kotereka kamaloŵetsedwa kali kopanda kanthu, kenaka nkudzazidwa kali m'thupi, motero bala la mpeni limakhala laling'ono.

Tsono mitundu iŵiriyi imasiyana bwanji m'dzanja? Bere la chibadwidwe ndi mafuta ndi minyewa ya mkaka, zimene zimagonja pang'onopang'ono zikakanikizidwa, nkubwerera mwakachetechete. Phala la silikoni limachita chimodzimodzi, ndiye chifukwa chake madokotala ndi odwala ambiri amati ndilo loyandikira mnofu. Madzi alibe ulesi wotere. Akakanikizidwa kuno amathaŵira uko nthaŵi yomweyo. Kathumba kakadzazidwa mosakwanira kamachita makwinya amene chala chimawamva m'mbali ndi m'munsi mwa bere. Kakadzazidwa kwambiri makwinya amachepa, koma kamakhala kolimba ndi kobulungira ngati mpira wopopedwa. Kusiyanaku kumachepa mwa mayi amene ali ndi mnofu wambiri wophimba kathumbako, kapena pamene kaikidwa kunsi kwa mnofu wa pachifuwa. Kumakula mwa mayi woonda, makamakanso mwa amene bere lake linachotsedwa chifukwa cha khansa, pakuti pakati pa kathumba ndi chala pamangotsala khungu lopyapyala. Amayi otereŵa amanenanso kuti bere latsopano limazizira kuposa thupi lonse, ndipo khungu lake limachita dzanzi chifukwa mitsempha yomvera inadulidwa pa opaleshoni.

Pali mdani mmodzi amene sasankha mtundu. Thupi likaona chinthu chachilendo limachikuta ndi chikopa cha chipsera. Mwa anthu ena chikopachi chimakhwimitsa ndi kufinya kathumba, mpaka bere limalimba, kupotoka ndi kuŵaŵa. Pofuna kugonjetsa kulimbaku, opanga timatumba a m'zaka za m'ma 1970 anapyapyalitsa chikopa ndi kusungunula phala. Timatumbato tinafeŵadi, koma tinkaphulika msanga, ndipo silikoni ankadontha ngakhale tisanang'ambike. Kufunafuna kufeŵa kunabala vuto latsopano.

Apa panaonekera kusiyana kwina kofunika kuposa kwa m'dzanja. Kathumba ka madzi a mchere kakabooka, bere limaphwa m'masiku oŵerengeka, mwini wake amadziŵa, ndipo thupi limamwa madziwo popanda choipa. Ka silikoni kangathe kung'ambika mwakachetechete, bere nkumaonekabe bwino kwa zaka zambiri. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amayi ambiri ku United States anayamba kudandaula za kutopa, kuphwanya kwa mfundo ndi matenda ena, ndipo milandu inachuluka m'makhoti. Mu Januwale 1992 David Kessler, mkulu wa bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala, anaimitsa timatumba ta silikoni. Mu Epulo chaka chomwecho tinaloledwa kokha m'kafukufuku woyang'aniridwa, makamaka kwa amayi obwezeretsa bere. Kwa zaka 14 amayi ena onse a dzikolo anangokhala ndi madzi a mchere, pamene anzawo m'maiko ambiri a ku Europe anapitiriza ndi silikoni. Dow Corning, itapanikizika ndi milandu, inapempha chitetezo cha khoti pa ngongole zake mu 1995, ndipo pambuyo pake inavomera kupereka madola 3.2 biliyoni. Komabe mu 1999 bungwe la Institute of Medicine, litasanthula kafukufuku amene analipo, silinapeze umboni wakuti silikoni ndiye ankayambitsa matenda a thupi lonse aja. Linati mavuto otsimikizika ndi a pabere pomwepo, monga kuphulika, kulimba ndi kubwereza opaleshoni. Mu Novembala 2006 FDA inalolanso silikoni, kwa amayi a zaka 22 kupita m'tsogolo ngati cholinga ndi kukulitsa bere, pamene madzi a mchere amaloledwa kuyambira zaka 18.

Timatumba ta masiku ano tili ndi chikopa cholimba ndi phala logwirana ngati phala la ufa limene lazizira m'mbale. Ena mwa timatumbati ngakhale atatidula pakati sitiyenderera. Kugwiranako kwachepetsa kudontha, koma phala likagwirana kwambiri limamveka lolimbirapo. Mavuto nawo sanathe. Mu 2010 kunadziŵika kuti kampani ya ku France ya Poly Implant Prothèse inkadzaza timatumba take ndi silikoni wa m'mafakitale wosavomerezeka, ndipo mwini wake, Jean-Claude Mas, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 4 mu 2013. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timatumba take ta chikopa chokhakhala, titapezeka kuti tikugwirizana ndi khansa yosoŵa ya m'chikopa cha chipsera chija. Lero FDA imachenjeza kuti palibe kathumba kokhala moyo wonse, ndipo imalangiza wovala silikoni kukaunikidwa ndi makina patapita zaka 5 kapena 6, kenaka zaka 2 kapena 3 zilizonse.

Njira ya Czerny nayo sinafe. Mu 1982 Carl Hartrampf wa ku Atlanta anasonyeza mmene khungu ndi mafuta a pamimba pa mayi angasamutsidwire pachifuwa pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi. Bere lotere limakhala lofunda, lofeŵa, ndipo limanenepa ndi kuonda pamodzi ndi mwini wake, ngakhale kuti opaleshoni yake ndi yaitali ndipo imasiya chipsera chachiŵiri. Motero mayi amene wapulumuka ku khansa, akakhala kumene njira zonsezi zilipo, amasankha pakati pa zitatu: silikoni wofeŵa wofuna kuunikidwa, madzi a mchere olimbirapo amene sabisa akabooka, ndi mnofu wake womwe, umene mtengo wake ndi bala lina.