Margaret Thatcher: umayi ndi mphamvu za ulamuliro

Margaret Thatcher adali mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya dziko la Britain, ndipo adalamulira kuyambira mu 1979 mpaka mu 1990. Mbiri yake imaonetsa mtolo umene amayi amasenza m'ndale za maiko a azungu: akafatsa amatchedwa ofooka, akalimba mtima amanenedwa kuti ataya umayi.

Dzina loti Iron Lady, kutanthauza mayi wachitsulo, lidachokera ku nyuzipepala ya asilikali a Soviet Union mu 1976, ndipo mwiniwake adalinyadira. Akatswiri adamuphunzitsa kuyankhula ndi mawu aakulu, odekha, kuti azimveka ngati mtsogoleri pakati pa aphungu aamuna. Komabe sadasiye kuvala mkanda wa ngale ndi kunyamula chikwama cha m'manja, ndipo ankakonda kufanizira chuma cha boma ndi mmene mayi wapakhomo amasamalira ndalama.

Kukwera kwake sikudatsegulire amayi ambiri khomo. Pa zaka 11 zimenezo, mayi mmodzi yekha, Janet Young, ndiye adalowa m'kabineti yake. Britain idadikira mpaka mu 2016 kuti mayi wina, Theresa May, akhale pampandowo.