Zithunzi za Sukulu ya ku Malamulo ndi Ana Amene Sanajambulidwe

Tikuyamika Allah (SWT), ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Amene akufuna kudziwa m'mene ana a ku Thyolo ankaphunzirira nthawi ya atsamunda sayenda mtunda wautali asanakumane ndi zithunzi za ku Malamulo. Sukuluyi ili ku Makwasa, m'zitunda zozunguliridwa ndi minda ya tiyi. Malowa anagulidwa ndi Joseph Booth m'dzina la mpingo wa Seventh Day Baptist, ndipo anawatcha Plainfield. M'chaka cha 1902 anapita m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unatumiza Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake. Mwana wake wamkazi, Mabel, ankaphunzitsa pa sukulupo m'zaka zoyambirirazo. Dzina loti Malamulo linadza mu 1907, nthawi ya Joel Rogers.

Amishoni ankakonda kujambula chifukwa ntchito yawo inkadalira zopereka za anthu akwawo. Zithunzi zinkatumizidwa ku magazini a mpingo monga Review and Herald kuti opereka aone kumene ndalama zawo zikupita. N'chifukwa chake timaona ophunzira atandanda pamzere, aphunzitsi atavala bwino, nyumba za njerwa, ndi odwala khate amene Malamulo inayamba kuwasamalira m'zaka za m'ma 1920. Zithunzi zina za nthawi ya Nyasaland zasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi, ku Mandala House mu Blantyre. Kumbali ya kanema, mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit ku Salisbury, imene lero ndi Harare. Bungweli linkakonza makanema oonetsa anthu akuda ku Nyasaland ndi ku Rhodesia, ndipo ankayenda nawo pagalimoto m'midzi. Itadza Chitaganya mu 1953, ntchito yake inayamba kupendekera ku kutamanda boma limenelo.

Tsono wophunzira wa Chisilamu akamaona zinthu zimenezi azione bwanji? Tili nacho kale chida. Ma Ulama a Hadith anatiphunzitsa kuti nkhani imayesedwa mbali ziwiri: isnad, kutanthauza mndandanda wa amene anaifikitsa, ndi matn, mawu ake enieni. Ayah yachisanu ndi chimodzi ya Surat al-Hujurat imatilamula kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu. Naye Ibn Khaldun, amene anamwalira mu 1406, anachenjeza mu Muqaddimah kuti wolemba mbiri aziyeza nkhani ndi chikhalidwe cha anthu a nthawiyo. Chithunzi nachonso ndi nkhani. Isnad yake ndi mafunso awa: anajambula ndani, anamutuma ndani, ankafuna kuonetsa yani? Matn yake ndi zimene zalowa m'chithunzimo, ndipo wanzeru amafunsanso za zimene zatsala kunja.

Chimene chinatsala kunja kwambiri ku Thyolo ndi thangata. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, nafika ku Thyolo pambuyo pake. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923. Malo aakulu anali m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company. Mabanja okhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankalipira malo pogwira ntchito. Lamulo la 1928 linayesa kuika malire pa mchitidwewu koma madandaulo sanathe. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinafalikira m'maboma ena akummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata linathetsedwa mu 1962. Choncho tikaona ana ali pamzere wa sukulu, tikumbukire kuti anzawo ambiri nthawi yomweyo anali m'munda kuthandiza makolo kukwaniritsa ntchito ya mwini malo. Chithunzicho sichikunama. Anawo analipodi, ndipo Malamulo inatulutsa aphunzitsi ndi azachipatala amene anatumikira dziko lino. Chilungamo chimatikakamiza kuvomereza zimenezi. Koma umboni wa mboni imodzi sumaliza mlandu.

Ana a Asilamu nawo sakuoneka kwenikweni. Ku Thyolo Asilamu sanali ochuluka ngati ku Mangochi kapena ku Machinga, koma analipo: ogwira ntchito m'maesiteti, atelala, ndi amwenye a m'masitolo. Kufikira pamene boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ndipo zinakhalabe choncho kwa zaka zambiri pambuyo pake. Makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko abwerako atasiya Swalah ndi dzina lake, ndipo mantha amenewa sanali opanda maziko. Iwo anasankha madrasa. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anamwalira mu 1930, ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anamwalira mu 1959, anaphunzitsa amwalimu amene anafalitsa kuwerenga Qur'an ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu m'madera ambiri. Koma mwalimu wophunzitsa pakhonde la mzikiti analibe kamera, ndipo analibe magazini kunja imene inkadikira zithunzi zake.

Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito pa esiteti ina ya tiyi. Madzulo akaweruka ankasonkhanitsa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, kuwaphunzitsa alif, ba, ta pathabwa. Palibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Tsiku lina wophunzira wanga, ataona zithunzi za sukulu za mishoni, anandifunsa kuti, “Shehe, ndiye kuti makolo athu sankafuna maphunziro?” Funso limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Kusapezeka m'chithunzi si umboni wakuti kunalibe maphunziro. Komabe tisadzinamize: kutalikirana ndi sukulu kunachititsa kuti Asilamu atsalire pa ntchito za boma ndi zolembalemba, ndipo bala limeneli tikulimvabe.

Wina angafunse ngati n'zololedwa kusunga zithunzi. Hadith zoletsa kupanga zifaniziro za zamoyo ndi zotsimikizika, ndipo ma Ulama anasiyana maganizo ngati chithunzi cha kamera chikulowa m'chiletsocho. Sheikh Muhammad Bakhit al-Muti'i, amene anali Mufti wa dziko la Egypt ndipo anamwalira mu 1935, analoleza, ponena kuti kamera imangogwira mthunzi wa cholengedwa monga kalilole, sipikisana ndi Mlengi. Ena, monga Sheikh Ibn Baz, analetsa kupatula pamene pali kufunika kwenikweni, monga chiphaso. Ine ndimatsamira ku ganizo loyamba pa nkhani ya kusunga mbiri ndi kuphunzitsa, bola chithunzicho chisapachikidwe kuti chizilemekezedwa, chisaonetse umaliseche, ndiponso chisanyozetse munthu. Amene akutsatira ganizo lachiwiri tisamunyoze. Iye akhoza kusunga mbiri polemba ndi pojambula mawu.

Kwa aphunzitsi ndi ophunzira ndikupempha zinthu zochepa. Patchuthi khalani pansi ndi achikulire a pamzikiti wanu, muwafunse kuti anaphunzira kwa yani, ndipo mphunzitsi wawoyo anaphunzira kwa yani. Jambulani mawu awo pafoni atakupatsani chilolezo. Mukapeza chithunzi chakale, ijaza kapena kitabu cholembedwa pamanja, lembani dzina, malo ndi chaka, ndipo ngati chaka sichikudziwika musapeke. Zimenezi zisungidwe pa madrasa, pamalo pouma pamene chiswe sichifika. Amishoni a ku Malamulo anasunga zawo, n'chifukwa chake lero tikutha kutchula mayina ndi zaka zawo. Achikulire amene anaona thangata ndi maso awo atsala ochepa, ndipo aliyense akamwalira amapita ndi isnad yake.

Allah ndiye Wodziwa bwino koposa.