Ndani Analonga Katoni Iyi?

Tikaona katoni ya sopo pa kantemba ku Kabwata, kapena kileti ya zakumwa m'shopu ku Chelstone, sitifunsa kuti anailonga ndani. Kale analonga ndi munthu, ndi manja ake awili. Lelo m'mafakitale akuluakulu amalonga ndi makina. Mmene zinasinthila ndiyo mbili ya nchito mu Lusaka muno.

Lusaka inakhala likulu mu 1935. M'nthawi ya atsamunda, Woodlands ndi Kabulonga anali madela a azungu, pamene anchito acikuda anawamangila tunyumba tozungulila twa udzu ku Kabwata. Twina tukalipo ku Kabwata Cultural Village pa Burma Road. Mafakitale anamangidwa kumadzulo kwa njanji. Kumeneko munthu amene sanapite patali ndi sukulu anali kupeza nchito malinga ali ndi mphamvu: kuwelenga mabotolo, kuwaika m'kileti, kumanga katoni ndi kukweza pa lole.

Mu April 1968, ku Mulungushi, a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma lidzatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani angapo akuluakulu, ndipo ambili anakhala pansi pa INDECO. Makampani a boma analemba anthu ambili. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa. Kugula makina atsopano kunavuta, ngakhale masipeya a makina akale. M'zaka za m'ma 1980 vuto silinali kulonga mwamsanga. Vuto linali kusowa colonga. Makolo athu anali kufola pa mzele ku ZCBC ndi ku NIEC kuyembekeza saladi, shuga ndi sopo. Katundu ukangofika, unali kutha tsiku lomwelo.

Zinthu zinatembenuka a Frederick Chiluba atalowa m'boma mu 1991. Lamulo logulitsa makampani a boma linabwela mu 1992. Mu 1994 kampani ya South African Breweries inagula gawo mu Zambian Breweries. Mu 1995 Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road, ndipo caka comweco Trade Kings inayamba kupanga sopo wa Boom. Apa wogula anakhala ndi cosankha. Sitolo yaikulu imafuna makatoni ofanana, a ciwelengelo cimodzi, omatidwa bwino, osanjika pa paleti, ofika pa tsiku limene anapangana. Fakitale ya mu Lusaka inayamba kupikisana ndi katundu wolongedwa ku Johannesburg. Kulonga ndi manja kunayamba kucepa liwilo.

Nanga makinawo amagwila bwanji nchito? Mabotolo amayenda pa lamba n'kugawika m'mizele. Kacipangizo koona kamatsimikiza kuti akwana, ndiyeno mutu wa makina umatsika, kugwila mabotolo 24 pakhosi nthawi imodzi, n'kuwaika m'kileti. Pa makatoni, makina amatenga katoni yopindika, kuitsegula, kulowetsamo katundu ndi kumata ndi guluu kapena tepi. Satopa, saiwala ciwelengelo, ndipo amasebenza usiku wonse.

Apa ndiye pali nkhani yathu ife acinyamata. Nchito imene agogo athu analowela mu tauni, yongofuna msana wolimba, ikucepa m'mafakitale akulu. Ikapezeka, kambili imakhala ya maganyu: lelo ulipo, mawa kulibe. Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe fakitale imene idzazula makina kuti itilembe tonse.

Koma makina sadzikonza okha. Lamba akaduka kapena mota ikapsa, mzele wonse umaima, ndipo amene akudziwa kuudzutsa ndiye amafunidwa. Tinaonanso mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, kuti malaiti akazima kwa maola ambili, wodziwa za jeneleta ndi sola sakhala pansi. Maluso amenewa amaphunzitsidwa ku NORTEC ku Ndola ndi m'makoleji ena olembetsedwa ku TEVETA.

Conco tisanathamangile tonse nchito za mu ofesi, tiganizile za magetsi ndi umakanika wa m'fakitale. Makina anafika kale mu Lusaka. Akaima, kodi adzaitana mmodzi wa ife, kapena adzayembekeza katswili wocokela kunja pa ndeke?