KATETEZEDWE KA ZIPINDA ZAPANSI NDI MAZIKO A NYUMBA KU MADZI NDI CHINYEZI

Unduna ukudziwitsa eni nyumba ndi amisiri omanga kuti nyengo ya mvula, imene kawirikawiri imayamba mu Novembala mpaka mu Epulo, ndiyo imaonetsa poyera zolakwika za kamangidwe. Vutoli limakula m'nyumba zomangidwa pamalo otsetsereka, monga m'madera ambiri a mizinda ya Blantyre ndi Zomba, kumene chipinda chapansi chimakhala ndi khoma limodzi kapena awiri okwiririka m'dothi. Mfundo yaikulu ndi yakuti madzi ayenera kutchingidwa kunja asanafike pakhoma. Penti kapena pulasitala wam'kati amangobisa vutolo kwa miyezi yochepa.

Kumene madzi amachokera

Gwero loyamba ndi denga. Mvula ya mamilimita 50 ikagwa padenga la masikweyamita 100, imatsitsa malita 5,000, omwe ndi migolo 25 ya malita 200. Madzi onsewa akamagwera m'mphepete mwa khoma amalowa pansi ndi kufewetsa dothi limene lanyamula maziko.

Gwero lachiwiri ndi madzi a m'nthaka. Dothi likakhuta, madzi amakankha khoma lokwiririka, ndipo mphamvu yake imakula ndi kuya kwake: pakuya kwa mita imodzi, sikweyamita iliyonse imakankhidwa ndi mphamvu ya pafupifupi tani imodzi. Njerwa nazonso zimamwa chinyezi kuchokera pansi monga momwe chingwe cha nyali chimakokera palafini. Pamalo a dambo ndi padothi la makande, limene limafufuma likanyowa ndi kung'ambika likauma, maziko amasuntha ndipo makoma amachita ming'alu.

Zizindikiro

Mwini nyumba akhale tcheru akaona zoyera zonga mchere panjerwa, penti wosupuka m'munsi mwa khoma, ndere kapena chuku m'ngodya, fungo la chinyezi, kapenanso njira za chiswe. Chinyezi chokhalitsa chimafumbutsa njerwa, chimaoletsa matabwa ndi chimanga chosungidwa, komanso chimakulitsa chifuwa ndi mphumu, makamaka mwa ana ndi okalamba.

Kupatutsa madzi a pamwamba

Iyi ndiyo ntchito yotsika mtengo koposa, ndipo iyenera kukhala yoyamba. Nthaka yozungulira nyumba itsetserekere kunja, kutsika masentimita 15 pa mamita 3 oyamba. M'mbali monse mwa khoma muwakidwe kakhonde kasimenti kopendekera kunja. Madzi a padenga alandiridwe m'mphepete mwa malata ndi kutsitsidwa ndi mapaipi kupita m'thanki kapena m'ngalande. Kumtunda kwa nyumba kukumbidwe ngalande yodutsa chopingasa kuti madzi othamanga azilambalala. Dzenje lomwetsera madzi likhale kumunsi, mamita osachepera 5 kuchokera pamaziko. Nkosaloledwa kukhuthulira madzi papoloti ya mnzako, ndipo ngalande zonse zichotsedwe zinyalala mvula isanayambe.

Kuteteza khoma lokwiririka

Kunja kwa khomalo kupakidwe pulasitala wosalala, kenako phula kawiri kapena katatu, kuyambira pamaziko mpaka kupitirira pamene pathera dothi. Patsinde pa khoma payalidwe paipi yobooledwa timabowo, motsikirapo kuposa simenti ya pansi pa chipindacho, ndipo itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse mpaka pamene ikutulukira. Paipiyo ikwiriridwe ndi miyala ya kwale, ndipo miyalayo ikutidwe ndi nsalu yosefa kuti matope asatseke timabowo. Motero madzi amapeza njira yapafupi yotulukira m'malo mokankha khoma.

Pomanga nyumba yatsopano, pepala lolimba la pulasitiki liyalidwe pansi pa konkire asanathiridwe, ndipo m'khoma muikidwe chotchinga chinyezi chimene amisiri amachitcha DPC, pamasentimita osachepera 15 kuchokera panthaka. Eni nyumba ambiri amaononga chitetezochi okha pounjika dothi la maluwa mpaka kupitirira mzere umenewu.

Madzi akalowa kale

Munthu asaponde m'madzimo magetsi asanazimitsidwe pa switchi yaikulu. Ngati madzi ndi akuya ndipo nthaka yakunja ikadali yokhuta, achotsedwe pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu patsiku, chifukwa kuwachotsa onse nthawi imodzi kungagwetsere khoma m'kati. Pambuyo pake mazenera atsekulidwe, ndipo khoma liume lisanapakidwe penti. Mng'alu umene ukukulirakulira kapena khoma lofufuma zionedwe ndi injiniya mwamsanga.

Chenjezo

Njira zonsezi sizingapulumutse nyumba yomangidwa m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse woopsa wa phiri. Zimene zidachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, panthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zikhale phunziro kwa onse. Unduna ukupempha aliyense wofuna kumanga kapena kukumba chipinda chapansi kuti ayambe wapereka mapulani ake ku khonsolo ya dera lake kuti avomerezedwe, ndiponso kuti alembe ntchito amisiri ovomerezeka.