Chifukwa Chake Magetsi Amathima Ketulo Ikalumikizidwa

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la mbiri lero liyambira m'khitchini. M'nyumba za ku Ngungu, ku Bwacha ndi ku Chimanimani m'tauni ya Kabwe, zimachitika kuti munthu akangolumikiza ketulo, kaswichi ka m'bokosi la pakhoma kamagwa, nyumba yonse n'kuchita mdima. Kaswichi kameneka, kamene amisiri amakatcha buleka, kali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ilukana ndi ya migodi.

M'chaka cha 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalo amene anawatcha Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero. Njanji inafika mu 1906. Popeza kuyenga zinki kumafuna magetsi ochuluka, eni mgodi anatseka mtsinje wa Mulungushi, ndipo mu 1925 Prince of Wales anatsegula nyumba yopangira magetsi ndi mphamvu ya madziwo. Tisaiwale kuti magetsiwo anali a mgodi. Anthu a m'makomboni anaphikabe pa nkhuni ndi makala zaka zambiri, ndipo bungwe la ZESCO linadzakhazikitsidwa mu 1970, dziko litalandira kale ufulu.

Kale mlonda wa nyumba ya magetsi anali fyuzi, kawaya kopyapyala kamene kamasungunuka magetsi akapyola muyeso, kuti nyumba isapse. Koma anthu ena, potopa ndi kugula kawayako, ankaikapo waya wonenepa kapena msomali, osazindikira kuti aitana moto. Mu 1924 Hugo Stotz wa ku Mannheim m'dziko la Germany anapanga kaswichi kogwa kokha, kamene munthu angakadzutsenso popanda kugula kanthu.

Panatsala vuto lina lalikulu. Magetsi ochepa kwambiri, osakwana kusungunula fyuzi, angathe kupha munthu. Yankho linachokera ku migodi ya golide ya ku South Africa, kumene makolo athu ambiri anagwirako ntchito. Mu 1955 mmisiri Henri Rubin anapanga chida chozindikira magetsi othawira m'nthaka, ndipo mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba ku Stilfontein, chidacho chinaikidwa m'nyumba za m'mudzi wa mgodiwo. Chimayerekeza magetsi olowa ndi obwerera; akasiyana pang'ono chabe, chimadula nthawi yomweyo.

Tsono buleka ikagwa, yanena chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina katundu wachuluka. Magetsi a m'nyumba muno mu Zambia ndi a mavoliti 230. Ketulo ya mawati 2,200 imakoka pafupifupi maampu 10, chitofu cha mbale ziwiri chimodzimodzi, ndipo mukaonjezapo simbi, mzere wa maampu 20 sungapirire. Ana a giredi 7 angawerengere okha: gawani mawati ndi mavoliti. Kapena mwina chiwiya chadwala. Chitsulo chotenthetsa madzi m'ketulo chikakalamba chimang'aluka, madzi n'kufika pa waya wa m'kati. Nthawi zina chingwe chapsa pafupi ndi pulagi, kapena makoswe achitafuna.

Kusiyanitsa ziwirizi sikufuna maphunziro apamwamba. Munthu wamkulu, manja ali ouma, azule mapulagi onse, adzutse buleka, ndipo alumikize ziwiya chimodzichimodzi. Ikagwa pa chiwiya chimodzi chokha, ngakhale atachiyesa pa soketi ina, cholakwa ndi chiwiyacho. Achiike padera mpaka mmisiri achione. Ikagwa pokhapokha zonse zikuyaka pamodzi, aziphika mosinthana. Koma ikagwa mapulagi onse ali ozula, vuto lili m'mawaya a m'khoma, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso. Ntchito ya mwana ndi kuuza akulu msanga akamva fungo la pulasitiki wopsa kapena akaona soketi yada.